Ndeke Zobwereka ndi Mangawa Osalembedwa

Nkhani yathu ya lero ndi mbiri ya cinthu cimene ambiri a ife sitiganizako pamene timva ndeke irikulira kumwamba. Munthu akafika pa bwalo la ndeke ku Ndola kapena ku Lusaka aona ndeke zitandandalika, iri yonse ndi dzina la kampani pa nthiti pace ndi cizindikiro pa mcira pace, ndipo ayesa kuti mwini dzina ndiye mwini ndeke. Kawiri-kawiri si tero. Masiku ano pafupi-fupi theka la ndeke zonyamula anthu pa dziko lonse lapansi ndi zobwereka. Eni ace eni-eni ndi makampani a ndalama okhala m'mizinda monga Dublin ndi Singapore, amene sanagulitsepo tikiti ngakhale imodzi.

Kubwereka si mlandu, pakuti ngakhale ku mudzi munthu alima ndi ng'ombe za mnzace nalipira. Mlandu unabuka pa funso lina: kodi kampani yobwereka ndeke kwa zaka 10 idzalemba ciani m'mabuku ace a ndalama? Kodi idzavomera kuti iri ndi mangawa, kapena idzati lendi ndi lendi cabe, monga ndalama za mafuta ndi za cakudya ca apaulendo? Anthu ophunzira anatsutsana pa funso limeneli zaka zoposa 40. Pa nthawi yonseyo mangawa ambiri-mbiri anakhala kunja kwa mabuku, ndipo phindu limene makampani anali kulengeza linali kudalira kwambiri njira ya kalembedwe.

Zikalata ziwiri

Kuti mumvetse mbiri iyi muyenera kuyamba mwadziwa zikalata ziwiri zimene kampani iri yonse yaikuru ilemba pakutha pa caka. Coyamba cionetsa cuma conse cimene kampani iri naco pa tsiku lotsiriza la caka, pamodzi ndi mangawa onse amene iri nao. Akatswiri a mabuku a ndalama acicha balance sheet, koma ife tidzati cikalata ca cuma ndi mangawa. Caciwiri cionetsa ndalama zimene zinalowa m'cakaco ndi zimene zinapita pogwira nchito, ndipo zotsala pansi pace ndizo phindu. Wa banki asanakongoze kampani ayamba waona zikalata izi. Osunga thumba la penshoni asanaike ndalama za anchito m'masheya a kampani aziwerenganso. Ngakhale atsogoleri a yuniyoni popita kukakambirana za malipiro anyamula zikalata zomwezi, pakuti bwana akati caka cino palibe phindu, umboni wace uli m'menemo.

Tsono taganizani za amuna awiri a m'komboni imodzi. Woyamba agula lole pa ngongole yobweza zaka 5. Waciwiri acita hayala lole yonga yomweyo, nasaina pangano lakuti adzalipira lendi mwezi ndi mwezi kwa zaka 5, ndi kuti sangathe kuibweza pakati pa njira. Onse awiri ayendetsa lole, ndipo onse awiri ayenera kupeza ndalama pakutha pa mwezi, kaya katundu wonyamula alipo kaya palibe. Koma mwa kalembedwe kakale woyamba aoneka munthu womangika ndi mangawa, pamene waciwiri aoneka mfulu wopanda ngongole ndi munthu. Akapita onse awiri ku banki, wolandiridwa ndi manja awiri ndi waciwiri uja. Mukacotsa lole ndi kuikapo ndeke, mwagwira kale mutu wa nkhani yonse.

Kumene mcitidwe unacokera

Kubwereketsa zida za nchito ndi mcitidwe wakale kuposa ndeke, ndipo unakula pakati pa anthu a migodi. Ca m'ma 1850 ku Britain kunabadwa makampani amene nchito yao inali kubwereketsa ngolo za sitima kwa eni migodi ya malasha, pakuti eni migodiwo anafuna kuika ndalama zao pa kukumba, osati pa kugula ngolo.

Makampani a ndeke anacedwa kulowa m'njira imeneyi. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ambiri a iwo anali kugula ndeke zao-zao, ena ndi ndalama za Boma, ena ndi ngongole za ku banki. Zinthu zinatembenuka pofika ndeke zazikuru za jeti. Mu April 1966 kampani ya Pan American inaitanitsa ndeke 25 za mtundu wa Boeing 747 pa mtengo wa madola mamiliyoni 525, ndiko kuti mamiliyoni 21 ndeke imodzi. Makampani amene anafuna kupikisana nayo anayenera kupeza ndalama zonga zimenezo, ndipo si onse anali nazo.

Panalinso nkhani ya msonkho. M'caka ca 1962 Boma la America linalamula kuti kampani yogula makina atsopano icepetseredwe msonkho, ndipo m'caka ca 1972 Boma la Britain linalola wogula makina kucotsa mtengo wace wonse pa phindu la caka coyamba asanawerengedwe msonkho. Mwai umenewu unali wopanda nchito kwa kampani ya ndeke imene phindu lace linali laling'ono, popeza wopanda phindu alibe msonkho woti aucepetse. Koma mabanki anali ndi phindu locuruka. Motero banki inali kugula ndeke, nilandira mwai wa msonkho, niibwereketsa kwa kampani ya ndeke pa lendi yotsikirapo. Onse awiri anapindula, ndipo kampani ya ndeke inapezanso mphatso yacitatu imene inaikonda koposa: ngongole imeneyi siinaoneke pa cikalata ca cuma ndi mangawa.

Kugwa kwa Court Line

Tsoka limene linatsegula anthu maso linacitika ku Britain m'caka ca 1974. Kunali kampani yochedwa Court Line, imene ndeke zace zinali kunyamuka pa bwalo la Luton kupereka anthu wamba ku chuthi ku maiko ofunda monga Spain. Inali ndi kampani yacenso yogulitsa maulendo a chuthi pa mtengo wotsika, dzina lace Clarksons. M'caka ca 1973 Court Line inabwereka ndeke ziwiri zazikuru za mtundu wa Lockheed TriStar, iri yonse ya mipando pafupi-fupi 400, pa pangano la zaka zambiri.

Pakutha pa caka comweco mtengo wa mafuta unakwera koopsya pa dziko lonse. Ku Britain anchito a m'migodi ya malasha anali pa mkangano ndi Boma pa za malipiro, magetsi anacepa, ndipo kumayambiriro a 1974 mafakitale anali kugwira nchito masiku atatu okha pa sabata. Anthu analeka kugula maulendo a chuthi. Mipando inakhala yopanda anthu, koma lendi ya ndeke inali kufunika mwezi ndi mwezi monga kale. Pa 15 August 1974, pakati peni-peni pa nyengo ya chuthi, Court Line inagwa, nisiya apaulendo oposa 40,000 ali ku maiko a eni, ndi ena ambiri ku mudzi amene anali atalipira kale maulendo amene sanapite.

Pofufuza mabuku ace kunapezeka kuti kampani imeneyi inali italonjeza lendi ya ndeke yokwana mapaundi pafupi-fupi mamiliyoni 40, imene siinalembedwe pakati pa mangawa ace, pamene cuma ca eni masheya colembedwa m'cikalata cinali mamiliyoni 18 okha. Munthu wowerenga cikalata cija mokhulupirika sakanatha kudziwa kuti kunja kwace kuli katundu woposa kawiri cuma ca eni kampani. Akuru akale anati cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpanda woyamba ndi mipata yace

Maiko anayamba kumanga malamulo. Mu November 1976 bungwe la ku America loyang'anira kalembedwe ka mabuku a ndalama, lochedwa FASB, linaturutsa lamulo lace la nambala 13. Linagawa mapangano a kubwereka m'mitundu iwiri, niliika miyeso inai. Ngati pangano liti cinthu cidzakhala ca wobwereka pa mapeto. Kapena ngati wobwereka aloledwa kucigula pa mtengo wocepa koposa. Kapena ngati zaka za pangano zifika magawo 75 pa 100 a moyo wa cinthuco. Kapena ngati lendi yonse, poiwerengera pa mtengo wa lero, ifika magawo 90 pa 100 a mtengo wace, pamenepo kubwerekako ndi kugula kobisika, ndipo mangawa ayenera kulembedwa. Mau akuti mtengo wa lero atanthauza kuti dola yolonjezedwa caka ca mawa icepa mphamvu poyerekeza ndi dola ya m'manja, popeza ya m'manja ingathe kubala ciwongola dzanja. Pangano losagwidwa ndi muyeso uli wonse mwa inaiyi linakhala kunja kwa cikalata monga kale. Lamulo la maiko onse lochedwa IAS 17 linatsatira m'caka ca 1982, ndi la ku Britain lochedwa SSAP 21 m'caka ca 1984, ndipo onse awiri anasunga mitundu iwiri yomwe ija.

Mpanda unamangidwa, koma mbuzi zinadziwa msanga pamene panali mipata. Ndeke yosamalidwa bwino igwira nchito zaka 25 kapena kuposa, cotero pangano la zaka 10 kapena 12 linali kutali ndi muyeso wa 75. Maloya ndi akalaliki anaphunzira kulemba mapangano amene lendi yace inaima pang'ono pansi pa 90. Kampani yofika pa 89 inaoneka yopanda mangawa, yofika pa 91 inaoneka yolemedwa, ngakhale ndeke zao zinali za mtundu umodzi ndi ndalama zoturuka m'thumba zinasiyana pang'ono cabe.

Tinene zoona, malamulo amenewa anabweretsa cabwino cimodzi. Anakakamiza makampani kuchula lendi ya zaka za mtsogolo m'mau aang'ono-ang'ono a kumbuyo kwa buku. Akatswiri a m'mabanki akuru anali kuwerenga mauwo, natenga lendi ya caka cimodzi, naicurukitsa ka 7 kapena ka 8, nati amenewa ndiwo mangawa obisika. Ocenjera anadziwa. Wosadziwa anali munthu wamba wa masheya owerengeka, ndi wanchito amene anangomva pa msonkhano kuti kampani yace iribe ngongole zambiri.

Obwereketsa akula

M'zaka zomwezo kunabadwa mtundu watsopano wa amalonda, amene nchito yao yonse inali kugula ndeke ndi kuzibwereketsa. M'caka ca 1973 ku Los Angeles, Steven Udvar-Házy pamodzi ndi Leslie Gonda ndi mwana wace Louis anayambitsa kampani ya ILFC, ndipo ndeke yao yoyamba, ya mtundu wa DC-8, anaibwereketsa kwa Aeroméxico. Ku Ireland nako kampani ya Aer Lingus inali ndi bvuto lakuti ndeke zace zazikuru zinali kudzala anthu m'cilimwe koma kukhala cabe m'nyengo ya cisanu. Wanchito wace wina, Tony Ryan, anapeza kampani ya ku Thailand yochedwa Air Siam imene inabwereka Boeing 747 imodzi. Ataona kuti m'menemo muli malonda, m'caka ca 1975 anayambitsa kampani ya Guinness Peat Aviation, kapena GPA, ku Shannon.

M'caka ca 1978 Boma la America linamasula malonda a ndeke, kuti ali yense wokhoza ayambe kampani napikisane pa mitengo, ndipo maiko ena anatsatira pambuyo. Makampani atsopano analibe ndalama zogulira ndeke, koma anatha kulipira lendi. GPA inakula nikhala yoposa onse obwereketsa, koma inaitanitsa ndeke zambiri kuposa mphamvu zace. Nkhondo ya ku Kuwait ya 1991 inacepetsa apaulendo, mu June 1992 GPA inalephera kugulitsa masheya ace pa msika, ndipo m'caka ca 1993 inapulumutsidwa ndi kampani ya General Electric. Komabe nzeru za nchito imeneyi zinatsala ku Ireland. Kampani ya AerCap ya ku Dublin, imene mizu yace iri mu GPA, inagula ILFC m'caka ca 2014, nigulanso nthambi yobwereketsa ndeke ya General Electric m'caka ca 2021.

Obwereketsa atacuruka, kunafala macenjerero ena amene anakhudza phindu mwacindunji. Kampani ya ndeke iitanitsa ndeke zambiri nthawi imodzi, ndipo opanga aitsitsira mtengo. Tinene kuti yagula ndeke pa 40 pamene mtengo wace pa msika ndi 45. Tsiku lolandira ndekeyo iigulitsa kwa wobwereketsa pa 45, niibwerekanso pomwepo. Ndeke siisuntha, dzina la pa nthiti silisintha, koma mwa lamulo lakale 5 uja analowa yense m'phindu la caka cimeneco. Komatu wobwereketsa awerengera lendi yace pa 45 imene analipira, cotero 5 uja abwerera kwa iye pang'ono-pang'ono m'zaka zotsatira. Kampani yolandira ndeke zatsopano caka ndi caka inatha kuonetsa phindu lokoma ngakhale malonda a matikiti anali obvuta. Kugulitsa ndi kubwerekanso si cinyengo, ndipo makampani olimba akula nako, monga IndiGo ya ku India, imene inaitanitsa ndeke 100 za Airbus A320 m'caka ca 2005 isanayambe n'kuuluka komwe. Koma wowerenga mabuku ayenera kusiyanitsa phindu la kunyamula anthu ndi phindu la kugulitsa ndeke.

Mangawa alowa m'buku

Munthu amene analimbana kwambiri ndi kalembedwe kakale ndi Sir David Tweedie wa ku Scotland, amene anali mkuru wa bungwe la IASB ku London kuyambira 2001 kufikira 2011. Bungwe limeneli ndilo lilemba malamulo a mabuku a ndalama otsatidwa ndi maiko oposa 100. Iye anali kunena mwa nthabwala m'misonkhano kuti cimodzi ca zinthu zimene alakalaka asanafe ndico kukwera ndeke yolembedwa m'cikalata ca cuma ca kampani imene irikuiulutsa. Anthu anali kuseka, koma lamulo silinasinthe msanga.

Cimene cinakankha zinthu ndi tsoka lina. Mu December 2001 kampani yaikuru ya ku America yochedwa Enron, ya malonda a gasi ndi magetsi, inagwa itabisa mangawa ace m'timakampani ta pambali, ndipo anchito ace ambiri anataya nchito pamodzi ndi ndalama zao za penshoni. Nyumba ya malamulo ya ku America inatuma bungwe loyang'anira msika wa masheya, lochedwa SEC, kukafufuza mangawa onse okhala kunja kwa zikalata. Mu June 2005 bungwelo linanena kuti makampani a pa msika wa ku America anali ndi malonjezo a lendi okwana madola pafupi-fupi mabiliyoni 1,250 amene sanalembedwe ngati mangawa. M'caka ca 2006 IASB ndi FASB anayamba pamodzi kulemba lamulo latsopano.

Nchitoyo inatenga zaka 10, pakuti eni masitolo akuru, eni ndeke ndi obwereketsa anaikana kolimba, poopa kuti mabanki akaona mangawa onse adzakweza ciwongola dzanja. Maganizo oyamba anaturuka m'caka ca 2009, nakonzedwanso m'caka ca 2010 ndi ca 2013. Potsiriza, mu January 2016, Tweedie atapuma kale ndi mpando wace utatengedwa ndi Hans Hoogervorst wa ku Netherlands, IASB inaturutsa lamulo lochedwa IFRS 16, limene linayamba kugwira nchito pa 1 January 2019. Bungwelo linawerengera kuti makampani a pa misika ya masheya anali ndi malonjezo a lendi a madola mabiliyoni 3,300, ndi kuti magawo oposa 85 pa 100 a malonjezowo sanali kuoneka pa zikalata. Pa makampani 50 a ndeke amene linawayesa, mangawa osalembedwa analingana ndi magawo oposa 22 pa 100 a cuma cao conse colembedwa. Lamulo latsopano linati wobwereka ali yense alembe mangawa ace, kupatula pangano la miyezi 12 kapena kucepera, ndi la tinthu ta mtengo wocepa.

Cimene lamulo licita ndi phindu

Tiyeni ticepetse manambala kuti tiwagwire bwino. Tinene kuti kampani yabwereka ndeke kwa zaka 10 pa lendi ya madola 1,000 yolipira pakutha pa caka ciri conse, ndipo ciwongola dzanja ndi 8 pa 100. Mwa lamulo lakale kalaliki anali kucotsa 1,000 pa phindu caka ndi caka mofanana, zonse pamodzi 10,000. Mwa lamulo latsopano ayamba wafunsa kuti malonjezo 10 amenewa alingana ndi ndalama zingati za lero, ndipo yankho lace ndi 6,710. Alemba 6,710 ku mbali ya mangawa, nalembanso 6,710 ku mbali ya cuma, kuimira ufulu wogwiritsa nchito ndekeyo. Tsono caka ndi caka acotsa pa phindu zinthu ziwiri. Coyamba ndi kutha kwa ufulu uja, 671 caka ciri conse. Caciwiri ndi ciwongola dzanja ca pa mangawa otsala, cimene ciri cacikuru poyamba nicicepa pamene mangawa alikutha: 537 caka coyamba, 74 cabe caka cotsiriza. Motero zocotsedwa caka coyamba zifika 1,208, ndipo caka cotsiriza 745. Mukaphatikiza zaka zonse 10 mupeza 10,000 yomwe ija.

Onani tsono zotsatira zace. Kampani imene irikukula, yokhala ndi mapangano ambiri atsopano, ionetsa phindu locepa kuposa kale, pamene ya mapangano okalamba ionetsa locuruka, ngakhale ndalama zolipira mwini ndeke sizinasinthe. Kuonjezera apo, cikalata ca phindu ciri ndi mizere ingapo. Pali mzere wa phindu la pa nchito, umene uwerengedwa ciwongola dzanja cisanacotsedwe, ndi mzere wotsiriza wa pansi. Pa mzere woyamba uja zocotsedwa zatsika kucokera pa 1,000 kufika pa 671, cotero phindu la pa nchito laoneka kukwera ndi 329, pamene pa mzere wa pansi phindu la caka coyamba latsika ndi 208. Bwana wofuna kukondweretsa eni masheya angathe kuloza mzere wa pamwamba, ndipo bwana yemweyo pokumana ndi yuniyoni angathe kuloza wa pansi, osanama ngakhale kamodzi.

Palinso nkhani ya dola. Lendi ya ndeke kawiri-kawiri ipanganidwa m'madola a ku America, pamene makampani ambiri agulitsa matikiti m'ndalama za kwao. Popeza tsopano mangawa onse alembedwa, ayenera kuwerengedwanso pakutha pa caka ciri conse pa mtengo wa dola wa tsiku limenelo. Inu mukumbuka caka ca 2015, pamene dola inacoka pa K6 ndi mangwee nipitirira K12. M'caka cotere mangawa a madola 6,000 akwera kucokera pa K36,000 kufika pa K72,000, ndipo K36,000 yoonjezekayo icotsedwa pa phindu la caka cimodzi, ngakhale ndalamazo zidzalipidwa m'zaka zambiri za mtsogolo. Kale bala limeneli linali kumveka pang'ono-pang'ono m'lendi ya mwezi ndi mwezi. Tsopano lioneka lonse nthawi imodzi.

Za kugulitsa ndi kubwerekanso, lamulo latsopano silinaletse, koma linati kampani ilembe gawo lokha la phindu lolingana ndi ufulu umene wapitadi kwa wogula; gawo la zaka zimene ndeke ikhala m'manja mwa wogulitsa lisawerengedwe tsiku logulitsa. Ndipo a ku America, atayenda ndi anzao zaka 10, anapatuka pa mapeto. Lamulo lao la February 2016 linalowetsa mangawa m'cikalata, koma pa mapangano a mtundu wa lendi cabe linasunga kucotsa kofanana caka ndi caka. Cifukwa cace makampani awiri obwereka ndeke zofanana pa lendi imodzi, wina ku America wina ku Britain, caka coyamba wina acotsa 1,000 wina 1,208.

Ciyeso ca 2020

Lamulo litangogwira nchito caka cimodzi, matenda a Covid-19 anaimitsa ndeke pa dziko lonse. Pamenepo kunaoneka poyera kuti lendi inali ngongole ndithu, pakuti ndeke zinakhala pansi miyezi yambiri koma eni ace anali kufunabe ndalama zao. Makampani ambiri anapempha kuti lendi icedwetsedwe. Avianca ya ku Colombia ndi LATAM ya ku Chile mu May 2020, ndi Aeroméxico mu June, anathawira ku bwalo la milandu ku New York kuti atetezedwe kwa owakongoza, ndipo cimodzi ca zinthu zoyamba zimene anapempha cinali cilolezo ca kubweza ndeke zina zobwereka. Mlandu suola, ndipo ngongole siifafanizika cifukwa ca kusalembedwa.

Nkhani iyi iri pafupi ndi ife kuposa umo muganizira. Zambia Airways yakale inatsekedwa mu December 1994 italemedwa ndi mangawa, ndipo yatsopano inayamba kuuluka mu December 2021 ndi ndeke yocokera kwa Ethiopian Airlines, imene inatenga magawo 45 pa 100 a kampaniyo. Makampani a pa msika wa masheya wa ku Lusaka atsata malamulo a IASB, cotero lamulo lomwe lija la ndeke ligwiranso nyumba za masitolo ocita lendi ndi malole akuru obwereka amene anyamula miyala pa mgodi.

Cifukwa cace, abale anga, mukamva pa msonkhano kapena kuwerenga m'nyuzipepala kuti kampani yakuti yapindula mwakuti, funsani mafunso atatu. Kodi phindu limeneli ndi la pa mzere uti, wa pamwamba kapena wa pansi? Kodi lacokera m'nchito ya tsiku ndi tsiku, kapena m'kugulitsa zida zimene kampani yazibwerekanso? Nanga malonjezo a lendi a zaka za mtsogolo ndi angati, ndipo ali m'ndalama za dziko liti? Mayankho ace tsopano alembedwa m'buku la pa caka la kampani, ndipo wa yuniyoni kapena wosunga penshoni yanu ali ndi ufulu wa kuwaona. Anthu a ku Luton m'caka ca 1974 analibe mwai umenewu.